Nkhuti ya Matope a M'nyanja Yamchere

Chifundo ndi Tiyamike, mwakhala mukundifunsa chifukwa chomwe anthu a mu Area 25 amanditchulira kuti a Ngozo a matope. Amayi anu akamakuyankhani amaidula nkhaniyo pakati, ndipo amaisimba moti ine ndimaoneka ngati munthu amene mutu unamuzungulira. Tsopano poti ndinapuma pa ntchito, ndiilemba ndekha. Za ubwana wanga sindinena zambiri. Mukudziwa kuti makolo anga anamwalira ndisanadziwe nkhope zawo, ndipo anandilera ndi agogo anga aakazi ku Kawale, omwe ankagulitsa mpiru pamsika. M'nyumba ya anthu awiri mulibe nkhani zambiri, choncho ndinakula ndikuyang'ana kwambiri kuposa kuyankhula. Ndiyambira pa ntchito.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mabotolo mu labotale yoyeza nthaka ndi miyala, kufupi ndi Kanengo. Ndinkakwera basi kuchokera ku Kawale mmamawa, ndipo ndikasowa ya basi ndinkayenda mbali ina ya ulendowo wapansi. Wondiyang'anira anali a Lungu, bambo wamfupi wa ku Mchinji amene ankavala tayi mkati mwa jasi loyera ngakhale mu Okutobala. Miyezi yoyamba sanandiphunzitse chilichonse. Tsiku lina anandipeza nditaima kumbuyo kwawo ndikuyang'ana momwe ankasefera dothi, ndipo anati, "Iwe umangoima ngati chitsa. Ukuona chiyani?" Ndinayankha kuti sefa yachiwiriyo yang'ambika m'mbali. Anaiyang'ana, anaiika pambali, n'kundiuza kuti kuyambira mawa ndizikhala pa benchi yawo yogwirirapo ntchito.

A Lungu ndiwo anandiphunzitsa za matope. Tinkapita ku madambo a ku Dedza ndi ku Kasungu kukazika mpope pansi, n'kuuzula utadzaza matope. Ankati matope a m'madzi odekha amagona mongosanjikizana, a chaka chino pamwamba pa a chaka chatha, ndiye ukazula mpope wautali wazula zaka zambiri zitandondozana. Tchimo lalikulu kwa iwo linali kuiwala kulemba mbali yomwe ndi yakumwamba. Zipangizo zinkasowa kawirikawiri. Madzi oyeretsedwa akatha tinkatchera a mvula. Kaburashi kotolera tinthu ting'onoting'ono pansi pa makina okulitsa katathothoka, a Lungu anapita kumsika wa mbuzi n'kubwerako ndi ubweya wa kumchira, ndipo tinapanga tina. Sanadandaulepo za kusowa kwa zinthu. Ankangofunsa kuti, "Tili ndi chiyani?"

Zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake

M'zaka zimenezi ndinakwatira amayi anu, agogo anamwalira, ndipo tinapeza puloti mu Area 25 pomwe panali kamtengo ka mango kofika m'chiuno. Ananditumiza ku Zomba kukaphunzira, kenaka ku Mzuzu komwe ndinakhala zaka zingapo ndikuyeza dothi la misewu, ntchito yomwe sindinaikonde. Pobwerera ndinapeza a Lungu atapuma, ndipo benchi yawo inakhala yanga. Mkulu wa labotale anali tsopano bwana Msiska. Ndikufuna mumvetse kuti sanali munthu woipa. Anali ataona anzawo akuchotsedwa ntchito chifukwa cha katundu wosowa, ndiye anakhazikitsa lamulo loti ngakhale supuni isatuluke pageti popanda siginecha yawo. Lamulolo linatithandiza. Pa nthawi yawo m'labotale simunasowe kanthu.

Kenaka kunabwera Dokotala Mphatso, mayi wachitsikana wa ku Biwi amene anali atangomaliza maphunziro kunja. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndinaonapo nyanja yamchere. Ndinati ayi. Anaseka n'kunena kuti, "Ndiye mukonze pasipoti, abambo. Akuti m'nyumba muno inu ndi amene manja anu sanjenjemera."

Anandifotokozera ntchito yawo tikudya chinangwa chootcha kuseri kwa labotale. Anati zaka zikwi pafupifupi makumi awiri zapitazo, maiko a kumpoto kwa dziko lapansi anali atakutidwa ndi madzi oundana aatali ngati mapiri. Kenaka dziko linayamba kufunda, ndipo madzi oundanawo anayamba kusungunuka. M'nyanja yamchere muli mitsinje yakeyake: ina imayenda pamwamba itanyamula kutentha, ina imayenda pansi ili yozizira. Kumpotoko madzi amchere akazizira amalemera n'kumira, ndipo kumira kumeneko ndiko kumakoka mtsinje wonse. Koma madzi osungunuka aja alibe mchere, ndi opepuka. Atachuluka, kumira kuja kunafooka, mtsinje waukuluwo n'kuyamba kuyenda mwaulesi.

"Zimenezo a kunja akuzidziwa," anatero. "Funso langa ndi lakuti, zitatero, mvula ya kwathu kuno inatani? Chifukwa dziko likufundanso, ndipo madzi oundana otsala aja akusungunukanso."

Ndinafunsa kuti yankho lake tikalipeza bwanji m'nyanja, pomwe mvula yomwe akunena ndi ya kumtunda. Anandifunsa kwathu. Ndinati makolo anga anali a ku Ntcheu. "Ndiye dothi la m'munda mwa agogo anu likakokoloka limalowa mu Rivirivi, Rivirivi amathira mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja. Lili kumeneko, lagona mosanjikizana. Tikukalitenga."

Ulendo wa pa sitima

Sitimayo inali ya anthu a ku Ulaya, ndipo tinakaikwerera ku Durban. Masiku oyamba ndinasanza mpaka ndinalonjeza Mulungu zinthu zomwe sindinazikwaniritse. Nditachira ndinayamba kuona ntchito. Ankatsitsa mpope wautali wachitsulo wokhala ndi cholemera kumutu, pa chingwe chomwe chinkatsika kwa nthawi yaitali chisanafike pansi. Ukakwera, tinkasolola mpope wapulasitiki wa mkati mwake, kuudula m'zidutswa zotalika ngati mpini wa khasu, n'kung'amba chidutswa chilichonse pakati ngati nsungwi. Matope ake anali osalala ngati sopo, obiriwira motuwa, onunkha ngati dzira lovunda. Pena ndi pena pankaoneka mzere wofiirira. Adokotala ankauloza n'kundinong'oneza kuti, "Uyo ndi wakwathu."

M'matopemo munali zinthu zitatu zomwe ankafuna. Choyamba, tizigoba ta tizilombo ta m'nyanja, tating'ono ngati mchenga wosalala, tomwe timasonyeza mmene madzi analili, ofunda kapena ozizira. Chachiwiri, timakala ta moto wa m'tchire wakalekale. Chachitatu, phula la masamba a mitengo ndi udzu wa kumtunda, lomwe limasunga chizindikiro cha mvula yomwe zomerazo zinamwa. Tizigoba ndi timakala sitiola. Koma phulalo, matope akafunda, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka timalidya, ndipo matope akauma amang'ambika, mizere ija n'kusokonekera. N'chifukwa chake mipope imeneyi imasungidwa mozizira nthawi zonse.

Mwa chizolowezi matope onse amapita ku Ulaya. Adokotala analimbana nawo pa msonkhano wa m'sitima momwemo kuti gawo lina libwere ku Lilongwe, ophunzira a kwathu aziligwira ndi manja awo. Ine ndinali pakona ndikumvetsera. Pulofesa wina wachikulire, munthu waulemu ndithu, anangofunsa funso limodzi: "Nanga magetsi?" Adokotala anati tili ndi chipinda chozizira ndi jenereta. A ku Ulayawo anavomera, koma ndinaona momwe anayang'anana. Tonse tinadziwa kuti matopewo akaonongeka, sipadzakhalanso kupempha kachiwiri, ndipo sitima siibwerera pamalo amodzi chifukwa choti wina walakwitsa.

Chaka cha mizere ya mafuta

Chipinda chozizira chathu chinali kontena yachitsulo kuseri kwa labotale. Zaka ziwiri zinayenda bwino. Ine ndinkatsuka matope pa sefa ndi kutola tizigoba, ophunzira ankabwera, ndipo Adokotala anayamba kuona zomwe ankafuna. Kenaka kunadza chaka chija chomwe magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta ndipo magetsi ankazima tsiku lathunthu. Inu munali kusukulu yogonera konko, mwina mukukumbukira kuti tinalephera kudzakuonani. Adokotala anali atapita ku Ulaya kwa miyezi ingapo kukayeza tizigoba pa makina omwe kuno kulibe, n'kusiya makiyi a kontena m'manja mwanga.

Pofika mu Okutobala dizilo wa jenereta anatha. Magetsi akabwera kwa kanthawi, makina oziziritsa ankayamba kulira, n'kuzimanso asanaziziritse kanthu, mpaka tsiku lina anapsa. Kontena yachitsulo ili padzuwa la Okutobala isanduka uvuni. Nditatsegula chitseko masana ena, mpweya wotentha unandimenya kumaso, ndipo m'kati mwa mapulasitiki okutira mipope munali mutayamba kuchita thukuta. Ndinayenda wapansi mu Kanengo monse kupempha malo kwa osunga nyama ndi nsomba. Ena anali m'mavuto omwewo. Mmodzi yemwe jenereta yake inkalira anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, mukufuna ndiike matope pambali pa nyama ya anthu? Mukufuna anditsekere?" Ndinaganiza zolowetsa mipope m'labotale, koma denga lake ndi lamalata, bwalo lake ndi la simenti, ndipo madzi ankadalira pampu ya magetsi.

Madzulo ake ndinakhala pansi pa mango uja, yemwe tsopano anali atakuta theka la bwalo. Amayi anu anali kufukula mbatata mu nkhuti yawo, dzenje lija ankasungiramo mbatata kuchokera mu Juni. Anandiponyera imodzi kuti ndione kuti sinafote. Inali yozizira m'manja. Ndinapita kukapisa mkono m'dzenjemo mpaka paphewa, n'kukhala choncho.

"Bambo a Chifundo, mwataya chiyani mmenemo?" anafunsa.

Ndinawauza zomwe ndinkaganiza: kuikumbira mipope ija nkhuti yakeyake. Iwo anati, "Penshoni yanu yatsala pang'ono. Mukudziwa?" Ndinati ndikudziwa. "Chabwino. Walira mvula walira matope. Koma musakumbe mobisa. Anthu akaona dzenje lalitali pakhomo pa munthu, saganiza za mbatata."

Ndinaimbira Adokotala. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti pansi sipazizira ngati firiji, koma pamasiyana kutali ndi uvuni, ndipo matope akakhala onyowa angathe kupirira mpaka mvula. Anandiuza mipope yofunika koposa, ya nthawi yomwe madzi oundana ankasungunuka. Kenaka anati, "Koma sindingakuuzeni kuti muphwanye lamulo, a Ngozo. Ine sadzandichotsa ntchito. Adzachotsa inu."

Mmawa mwake ndinalowa mu ofesi ya bwana Msiska. Anandimvera bwinobwino, n'kuvula magalasi awo.

"Katundu wa labotale, wobwerekedwa kwa anthu akunja, mukamukwirire pakhomo panu mu Area 25. Ndasokoneza pati?"

"Simunasokoneze, bwana."

"Akabedwa? Galu akafukula? Ndikasaina ine, ndiye kuti mlandu ndi wanga. Akaonongekera m'kontena, mlandu ndi wa magetsi, ndipo magetsi sachotsedwa ntchito. Sindisaina."

"Ndamva, bwana. Koma Loweruka ndibwera ndi ngolo. Ndati ndikuuzeni kuti musamve kwa alonda."

Pa zaka zonse zomwe ndinagwira nawo ntchito ndinali ndisanawatsutsepo. "Mukatulutsa, ndilemba lipoti," anatero. Ndinati ndi zoyenera.

Nkhuti

Chovuta kwambiri kwa ine sichinali bwana. Chinali kuyankhula pagulu. Amayi anu anandikakamiza kupita kwa a Zimba, amfumu a dera lathu, ndipo iwo anati nkhani yotere ndiinene ndekha kwa anansi onse. Anasonkhana pabwalo pathu Lachisanu masana. Ndinaimirira n'kunena kuti ndikumba dzenje lalitali, si manda, mulowa matope ochokera pansi pa nyanja yamchere. Kenaka bambo wina wowotcherera zitsulo anafunsa kuti, "Muli golide?" Ndinati mulibe. "Nanga mankhwala a bizinesi?" Anthu anaseka, ndipo ndinapezako mpweya. Ndinawauza kuti matopewo amanena za mvula ya kalekale, ndipo mwana wa ku Biwi konkuno ndi amene akuwawerenga. Amayi Nachisale, oyandikana nafe mpanda, omwe ankaphika mandasi ogulitsa, ndiwo anatseka nkhani. "A Ngozo takhala nawo zaka zonsezi osamva mawu awo. Lero ayankhula, ndiye kuti zawavuta. Chitsime changa chili ndi madzi."

Loweruka ndinapita ndi ngolo ya abulu ya munthu wonyamula mchenga. Ndinayalamo matiresi a pabedi pathu kuti mipope isagwedezeke, ndipo amayi anu sanandikhululukire msanga pa chimenechi. Ndinatenga mipope yofunika koposa ija yokha, ndipo uliwonse ndinautseka kumapeto ndi pulasitiki n'kumanga ndi malegeni. Alonda a pageti anatsegula. Tinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu waukulu, kudutsa mzere wa magalimoto odikira mafuta, oyendetsa minibasi akutikuwiza kuti abulu ndiwo atsala ndi dizilo. Pakhomo ndinapeza amuna oyandikana nafe atatha kale kukumba pansi pa mango, dzenje lofika pachifuwa. Tinayala mchenga wonyowa, kugoneka mipope, kufunda masaka onyowa, pamwamba n'kuika matabwa ndi udzu. Mmawa ndi madzulo aliwonse tinkawaza madzi a m'chitsime cha a Nachisale pa masakawo. Lolemba lake ndinalandira kalata yondiuza kuti nkhani yanga yapita ku likulu.

Patapita sabata ndi masiku, ndinabwera kuchokera ku ntchito n'kupeza a Nachisale atakhala pakhonde pathu, nkhope ili yowala. "Ndakukonzerani nkhuti yanu," anatero. "Amuna simudziwa kusunga zinthu." Ndinakweza thabwa limodzi. Masaka onse, mipope yonse, zinali mbuu ndi phulusa. Anali atathira ndowa zathunthu za phulusa la pa moto wa mandasi, monga momwe mayi aliyense wodziwa ntchito yake amachitira ndi nkhuti ya mbatata kuti chiswe ndi anankafumbwe asalowe.

Adokotala ankawerenga timakala ta m'matopemo kuti adziwe nthawi zomwe tchire linkapsa kwambiri, ndipo zaka za matope zimayezedwanso kuchokera ku zinthu za mtundu wa makala zomwezo. Phulusa la dzulo likalowa, matope akalekale angaoneke ngati a dzulo, ndipo zingaoneke ngati dziko lonse la Zambezi linapsa tsiku limodzi. Ndinayesa kuwafotokozera modekha. Nkhope yawo inagwa.

"Ndiye ndalakwa?"

"Simunalakwe, amayi. Mbatata zikanakuthokozani."

"Musandinyengerere ngati mwana. Inu mwaona chiswe chili pa thabwa ilo?"

Ndinatembenuza thabwalo. Kunsi kwake kunali tinjira ta dothi lofiira. Chiswe chinali chitayamba kale, ndipo ine, yemwe ndinkadziyesa woyang'anitsitsa, ndinali ndisanachione. Chikanadya masaka, kenaka n'kumanga nyumba zake pa mipope.

Tinagwira ntchitoyo anthu atatu, ine, amayi anu ndi a Nachisale, omwe sanandiyankhule mpaka tinamaliza. Tinatulutsa mpope umodziumodzi, kuupukuta ndi nsalu yonyowa, kuyang'ana malegeni. Yonse inali yomangika bwino kupatula umodzi, womwe legeni lake linali litaduka ndipo phulusa linalowa kumutu. Ndinaulemba chizindikiro chofiira. Tinachotsa mchenga ndi masaka onse n'kuika zatsopano, ndipo dzenje lonse tinaliyala pepala lalikulu lapulasitiki lofolera nyumba. Tikumaliza, amayi anu anati, "Nanga chiswe?" A Nachisale anatola khasu n'kukumba kangalande kozungulira dzenje lonse, kutali pang'ono ndi m'mphepete. "Phulusa langa lizikhala umu," anatero. "Kapena nalonso likhumudwitsa azungu anu?" Ndinati likhale momwemo. Kuyambira tsikulo ankabwera okha kudzathira latsopano, ndipo chiswe sichinawoloke.

Mvula yoyamba

Adokotala anabwera kumapeto kwa Novembala atanyamula chipangizo chokonzera makina oziziritsa m'chikwama chawo cha zovala. Mafuta anali atayamba kupezeka. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo ndinkaopa kuti madzi alowa m'dzenje, choncho makinawo atangolira tinabweza mipope pa ngolo yomwe ija. Yomwe inatsala m'kontena ija inali itauma, matope atang'ambika ngati pansi pa dambo m'chilimwe.

Tinatsegula ya mu nkhuti pa benchi yanga, bwana Msiska ataima pakhomo manja ali kumbuyo. Ndinadula malegeni a mpope woyamba, Adokotala n'kuvundukula pulasitiki. Fungo la dzira lovunda linadzaza chipinda chonse. Anadina matopewo ndi kasupuni, ndipo anabonyoka ngati tsiku lomwe tinawatulutsa m'nyanja. Mizere yofiirira ija inali m'malo mwake. Pa mipope iwiri panali nkhungu pang'ono pamwamba, yomwe anaipala. Pa wa chizindikiro chofiira ndinawauza za phulusa. Anadula kachidutswa kotalika ngati chala n'kukataya, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndidzalemba bwanji zimenezi mu lipoti? Kuti zaka mazana angapo zinadyedwa ndi mandasi?"

Ntchito yoyeza inatenga nthawi yaitali. Zomwe anapeza anandionetsa pa pepala, mizere iwiri yokwera ndi kutsika. Anati nthawi zomwe mtsinje wa m'nyanja uja unafooka kumpoto, mvula inasunthira kummwera, ndipo Zambezi anasefukira n'kunyamula dothi lambiri; mtsinjewo utapezanso mphamvu, mvulayo inabwerera. Ndinafunsa ngati zimenezi ndi zabwino kapena zoipa kwa ife. Anati sakudziwa, chifukwa mvula ikasunthira kwina ndiye kuti kwina yachokako, ndipo Malawi ali pakati penipeni pa kusunthaku. "Koma tsopano tikudziwa kuti imasuntha, ndipo tikudziwa choyang'ana," anatero. Ophunzira awiri anamaliza maphunziro awo pa matope omwewo. Mmodzi wa iwo ndi amene anatenga benchi yanga.

A ku likulu anandiitana. Bwana Msiska anawerenga lipoti lawo lonse osachotsapo mawu, ndipo zonse zomwe analemba zinali zoona. Atamaliza anawonjezera kuti mipope yomwe inamvera lamulo lawo inauma. Ndinapatsidwa chenjezo lolembedwa, ndipo kukwezedwa komwe ndinkayembekezera ndisanapume sikunabwere. Penshoni yanga ndi yocheperako chifukwa cha chimenecho, ndipo amayi anu amandikumbutsa tikamagula feteleza. Sindinadandaule. Lamulo ndinaliphwanyadi.

Chaka changa chomaliza

Miyezi yochepa ndisanapume, lole inaima pageti la labotale itanyamula mabokosi aatali ochokera ku Ulaya. Anali matope ena, a ulendo wina wa sitima, ochuluka kuposa oyamba aja. Adokotala anali atawauza anzawo akunja nkhani yonse osabisa kanthu, ya kontena, ya abulu, ya phulusa. Pulofesa wachikulire uja ndiye analimbikira kuti atumize, ndipo anathandizanso kuti padenga la kontena paikidwe magetsi a dzuwa.

Tinatsitsa mabokosiwo tsiku lonse. Bwana Msiska anaima pamthunzi akuwerenga lililonse likamalowa, monga mwa khalidwe lawo. Lomaliza litalowa ndinatseka chitseko n'kuwapatsa makiyi kuti akasunge mu ofesi. Sanawalandire. Anayang'ana magalasi a magetsi a dzuwa aja padengapo, anayang'ana kumwamba komwe kunali mitambo, kenaka n'kunditsitsira mawu kuti ena asamve.

"A Ngozo, dzenje lija munakwirira?"

"Ayi, bwana. Mayi akunyumba anakana."

"Musakwirire," anatero. "Ndipo ikadzafika nthawi, mubwere ndi pepala. Ndidzasaina."